Mwana Akafulumira Kuwerenga, Sukulu Yolimba Ndi Iti?



Chaka chikamapita kumapeto, makolo a kuno ku Harare amakhala pa kalikiliki kufunira ana awo malo a sukulu a mu Januwale, ndipo pakamwa pa aliyense pamakhala mawu amodzimodzi: "sukulu yolimba." Aliyense amaifuna, koma mukafunsa tanthauzo lake mumamva zosiyanasiyana. Kwa ena ndi sukulu imene ana ake amakhoza mayeso a Giredi 7 ndi mayunitsi 6, kutanthauza kuti apeza 1 pa phunziro lililonse mwa maphunziro asanu ndi limodzi. Kwa ena ndi imene mwana wa zaka zisanu amachokako atawerama ndi chikwama, n'kulemba ntchito ya kunyumba mpaka tulo titamugwira patebulo. Kwa ambiri, ngakhale sanena poyera, ndi sukulu imene mwana akafika pachipata amavula chilankhulo cha kwawo ngati nsapato zamatope. Ine mawu amenewa ndalimbana nawo miyezi itatu yathunthu, chifukwa pabanja pathu panali mwana woti timusankhire sukulu, ndipo mwanayo nzeru zake zatsogola msinkhu.

Ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana, ndipo wakwanitsa zaka zisanu mu Febuluwale. Anayamba kuwerenga atangokwanitsa zaka zinayi, popanda womukhazika pansi kuti aphunzire. Mayi ake akapita kuntchito amatsala ndi agogo ake, amene ndi amayi anga, ndipo iwo ali ndi chizolowezi chowerenga Buku Lopatulika mokweza mawu, chala chikulondola mzere. Mwana anayamba kuloza zilembo n'kumafunsa, agogo n'kumamuyankha monga momwe iwo anaphunzirira ku Sande sukulu: ma, me, mi, mo, mu. Itadutsa miyezi ingapo tinangomva akuwerenga yekha mitu ya nyimbo m'buku la kutchalitchi. Kenaka anayamba kuwerenga zikwangwani za Chishona za m'misewu. Sitima ya katundu ikamadutsa amawerenga mabogi, ndipo tsiku lina anaphatikiza pamtima a dzulo ndi a lero, n'kufunsa chifukwa chake ya dzulo inali yaitali.

Chimene chinandidzidzimutsa kwambiri ine ndi funso lina limene anandifunsa tikudya. Anati: "Amalume, munthu akachuluka timati anthu. Nanga bwanji mtengo ukachuluka sitinena kuti atengo?" Inu a m'gulu lino mukudziwa kuti pamenepa mwana wagogoda yekha pa khomo la magulu a maina, nkhani imene ena tinaimvetsa titamera kale ndevu. Nzeru za mwanayu zimaonekera m'Chichewa. Woti amuyese m'chilankhulo china adzangoona kachigawo kochepa.

Kwathu nkhani ya mwana wa mlongo wako siilambalala malume. Komanso popeza ndine amene ndinaphunzira za zilankhulo ku yunivesite, achemwali anangonditula mtolo: "Amalume ake, munaphunzira ndinu. Mwanayu timupititse kuti?"

Kuti mumvetse kulemera kwa funsoli, ndinene pang'ono za kumene tikukhala. Lochinvar ndi dera la anthu a njanji, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare, moyandikana ndi Rugare, Southerton ndi Kambuzuma. Kuno n'kumene kuli bwalo lalikulu lolumikizirapo mabogi ndi kusungirapo mitu ya sitima. Agogo athu aamuna anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, n'kudzalembedwa ntchito ya njanji, monga anachitira anthu zikwizikwi a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete, amene anadzaza migodi, mafamu ndi makomboni a dziko lino. Kwawo anawatcha matchona. Kuno anamanga mipingo, nakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro, navina gule wamkulu amene anzathu Ashona amamutcha zvigure. Ku Rugare, komboni imene inamangidwira antchito achikuda a njanji, Chinyanja chinkamveka pamsewu ngati uli ku Limbe.

Koma chilankhulo chikanyozeka chimafota. Tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, ndipo silinali lotamanda. Zitupa za makolo athu ambiri zinalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira m'dziko momwe muno, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atatsegulanso khomo kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. M'zaka zimenezo makolo ambiri anaona kuti njira yotetezera mwana ndiyo kumulera m'Chishona ndi m'Chingerezi mokha. Sindiwaweruza. Koma zotsatira zake n'zakuti anzanga ambiri a msinkhu wanga Chichewa amachimva koma sachiyankha, ndipo ana awo sachimva n'komwe. Mwana wa m'badwo wachinayi amene amasewera, kukangana ndi kuwerenga m'Chichewa mumzinda wa Harare ndi wosowa. Choncho posankha sukulu tinali ndi zinthu ziwiri zoti tisataye: nzeru zake zofulumirazo, ndi chilankhulo chimene nzeruzo zinamereramo.

Dongosolo la kuno ndi lotere. Potsatira malangizo a komiti ya Nziramasanga ya mu 1999, kuyambira mu 2005 sukulu za pulayimale zinauzidwa kuti zitsegule makalasi a ana aang'ono, otchedwa ECD. Wa zaka zinayi amalowa ECD A, wa zaka zisanu ECD B, ndipo Giredi 1 imayamba pa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwa msinkhu, malo a mwana wathu ndi ECD B, kumene ana amaphunzira kugwira pensulo, kusiyanitsa mitundu ndi kuzindikira maonekedwe a zilembo. Zonsezi n'zofunika, koma taganizani mwana amene amawerenga Uthenga wa Marko akutha chaka chonse akupaka utoto chilembo cha A. Mwana wotere akatopa ndi kudikira amasanduka wovuta, kapena amazima, n'kuphunzira kubisa zimene akudziwa kuti afanane ndi anzake. Mantha a achemwali anali amenewa, ndipo anali omveka.

Ndinayendera sukulu zingapo, koma ndinena za zitatu popanda kuzitchula maina. Yoyamba ndi imodzi mwa sukulu za anthu wamba zimene zamera ngati bowa m'madera athu: nyumba yogonamo yosandutsidwa makalasi, mpanda wopakidwa utoto wowala, ana ovala majekete ndi zipewa. Pakhoma la ofesi analembapo kuti pamalopo n'zoletsedwa kulankhula chilankhulo china kupatula Chingerezi. Anamupatsa mwana pepala la mawu a Chingerezi. Aafupi anawawerenga, aatali anawaphatikiza mwa Chichewa, onse m'chipindamo n'kuseka. Mkulu wa sukuluyo anachita chidwi ndithu, nalonjeza kuti amulowetsa Giredi 1 nthawi yomweyo, ndi kuti pakutha pa teremu katchulidwe ka kumudzi kadzakhala katatheratu. Ndinapempha kukhala nawo m'kalasi kwa theka la ola. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi ankabwereza pamodzi matanthauzo aatali a Chingerezi, liwu ndi liwu, osaphonya. Potuluka ndinanong'oneza kamnyamata kena m'Chishona kuti kandiuze tanthauzo la zimene kamanenazo. Kanandiyang'ana mwamantha, chifukwa cha chilankhulo chimene ndinalankhulacho, ndipo sikanayankhe. Mu theka la ola lonselo palibe mwana amene anafunsa funso. Nditafunsa za kalata yosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ku unduna wa maphunziro, anandiuza kuti ili m'njira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuseka kwa m'chipinda muja ndikufuna ndikuyankhe monga munthu wa zilankhulo. Mwana anagwiritsa ntchito lamulo loona pa chilankhulo chimene sichisunga lamulolo. Kalembedwe ka Chichewa ndi kokhulupirika: malembo a liwu ndi asanu, ndipo phatikizo limamveka monga lalembedwera, kupatula zochepa monga kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene sitikulemba, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Chishona, chimene kalembedwe kake kanayalidwa ndi Clement Doke mu 1931, n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake mwana anaoloka kuchoka ku Chichewa kupita ku Chishona popanda womugwira dzanja, n'kungodabwa kuti anzake amamwa mvura pamene kwathu mvula imangogwa. Chingerezi n'china. Malembo anayi omwewo a kumapeto kwa though, through ndi enough amatchulidwa m'njira zitatu zosiyana. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake, wofalitsidwa mu 2003, anayerekeza ana a m'maiko a ku Ulaya pakutha pa chaka chawo choyamba cha sukulu. Ana a zilankhulo zolembedwa mokhulupirika monga za ku Finland, Greece ndi Italy ankawerenga molondola mawu oposa 90 pa 100 alionse, pamene ana a ku Scotland, owerenga Chingerezi chimene anayamwira, sankafika ngakhale theka. Mwana wathu anafulumira chifukwa ali ndi mutu wabwino, inde, komanso chifukwa analowera pakhomo losavuta kutsegula. Sukulu imene ikufuna kutseka khomo limenelo ikuzula mizu n'kumayembekeza zipatso.

Yachiwiri ndi imodzi mwa sukulu za boma zimene kale zinali za ana a azungu. Lamulo la maphunziro la mu 1979 linazitcha Group A, pamene za m'makomboni linazitcha Group B, ndipo ngakhale lamulolo linatha kalekale, mainawo akadali pakamwa pa makolo ndipo kusiyanako kukuonekabe ndi maso. Kumeneko ndinapezako laibulale yeniyeni, mabwalo a udzu, ndi aphunzitsi odziwa ntchito yawo. Mtima unakhumba ndithu. Koma mndandanda wa odikira malo unali wautali, oyamba kuganiziridwa anali okhala m'deralo, ndipo pa za msinkhu sankanyengerera: zaka zisanu ndi ECD B, basi. Fizi ya teremu imodzi, yolipira m'madola a ku America, pamodzi ndi yunifolomu ndi zoyendera, inkameza malipiro a achemwali a miyezi iwiri. Ndipo mwana akanayenera kudzuka mbandakucha, kukwera makombi awiri popita ndi awiri pobwera, n'kufika kunyumba dzuwa litapendeka, ali wotopa, agogo ake n'kumangomuona pa nsima ya madzulo. Maola amene akanathera m'kombi ndi omwewo amene anamuphunzitsa kuwerenga.

Apa mpamene tinasemphana ndi achemwali, ndipo mawu awo ndiwalemba monga anawanenera, chifukwa ndi olemera. "Amalume ake, inu mukukamba za chilankhulo chifukwa digiri muli nayo kale. Digiriyo munailemba m'Chichewa? Mayeso a Giredi 7 amalemba m'Chingerezi, malo a Fomu 1 kusukulu zogonera komweko amapita kwa amene wakhoza bwino, ndipo pofuna ntchito sadzamufunsa miyambi. Agogo athu Chichewa ankachidziwa chonse, koma anapuma ntchito akukokerabe malasha ndi fosholo." M'mawu amenewa mulibe bodza. Kupatula phunziro la chilankhulo cha makolo, mayeso a ZIMSEC a Giredi 7 amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mu 2023 ndi mu 2024 momwe, ana amene anakhoza m'dziko lonse sanafike theka. Kholo limene likuopa kuti mwana wake atsala m'mbuyo silikulota. Ine ndi achemwali tinagwirizana kuti Chingerezi n'chofunika. Tinasiyana pa njira yochifikira.

Ndinawafotokozera zimene akatswiri anapeza. Jim Cummins, katswiri wogwira ntchito ku Canada, anasiyanitsa mu 1979 chilankhulo cha pabwalo ndi chilankhulo cha m'buku. Choyambacho mwana amatha kuchitola m'zaka ziwiri, n'kumacheza bwinobwino mpaka makolo kunyadira. Chachiwiricho, chofotokozera zifukwa, kuyerekezera zinthu ndi kutsutsira mfundo, chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. M'zaka zimenezo mwana ayenera kupitiriza kuganiza zakuya m'chilankhulo chimene ali nacho kale, apo ayi nzeru zimaima n'kumadikira lilime. Ndipo luso limene wapeza m'chilankhulo chimodzi limasamukira m'chinzake. Munthu saphunzira kuwerenga kawiri. Ku Nigeria, Babs Fafunwa ndi anzake a ku yunivesite ya Ife anayesa zimenezi kuyambira mu 1970. Ana ena anaphunzira zonse m'Chiyoruba kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Chingerezi chili phunziro lapadera, ndipo sanatsalire m'mbuyo ngakhale pa Chingerezi chomwecho. Inu a ku Tete mukudziwa kuti Mozambique inayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997 ndi Chinyanja chathu chomwechi, pamodzi ndi Chichangana cha ku Gaza, isanawafalitse m'zigawo zina.

Komabe maganizo akuti kulimba kwa sukulu kuli m'chilankhulo cha kutali ndi akale m'chigawo chathu chino. Dr. Banda, amene chipani chake chinakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndi yemweyo amene anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, sukulu ya ana osankhidwa mwa nzeru m'boma lililonse la Malawi, kumene aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ndipo mu 2014 boma la Malawi linalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Tsono achemwali anga sali okha. Nduna ndi atsogoleri omwe anaganizapo ngati iwo.

Yachitatu ndi sukulu ya boma ya m'komboni ina ya kufupi kuno, yoyenda pansi. Pamaso si yokopa. Mabenchi ndi akale, ana m'kalasi anapitirira 40, ndipo makalasi ena amasinthana chipinda, ena m'mawa ena masana. Aphunzitsi a ECD B ndi mayi wachikulire, Mshona. Iwo sanatulutse pepala la mawu. Anafunsa mwana m'Chishona kuti kunyumba amalankhula chiyani, ndipo atamva kuti Chichewa, anamupempha kuti awasimbire nthano ya agogo ake m'Chichewamo, kenaka aibwereze m'Chishona kuti iwo amve bwino. Mwana anasimba ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime m'chaka cha chilala, n'kumaba madzi pomanga alonda, mpaka Fulu atamugwira. Atamaliza, aphunzitsi anafunsa: "Nanga Kalulu akanakumba nawo chitsimecho, nthanoyi ikanatha bwanji?" Kwa nthawi yoyamba m'maulendo athu onse ndinaona mwana atakhala chete, nkhope itachita makwinya, akusowa yankho. Anaganiza kanthawi, nati ndiye kuti sipakanakhala nthano. Aphunzitsi anaseka, namufunsanso chifukwa chake.

Pobwerera ndinawauza achemwali kuti kulimba kumene ndikukufuna ndi kumeneko. Sukulu yoyamba inayesa zimene mwana akudziwa kale, kuti idzamuonetse kwa makolo ena. Yachitatu inafufuza pamene nzeru zake zathera, n'kumuimika pomwepo. Chimene mwana wofulumira amasowa ndi ntchito imene sangaimalize mofulumira. Masamu 50 ofanana ndi chilango chabe kwa mwana amene wamvetsa pa achitatu, pamene funso limodzi loti agone akuliganizira limamukuza. Kuti kuchuluka kwa ntchito si kuya kwa maphunziro, dziko lino linaona lokha. Mu 2021 kunayamba ntchito zoyesera ana chaka chonse, zotchedwa CALA, zokhala ndi gawo la 30 pa 100 pa zotsatira za mayeso. Makolo anadandaula kuti ntchitozo zikulembedwa ndi akuluakulu usiku, zina zikuchita kugulidwa, mpaka boma linazichotsa mu 2024 pobweretsa ndondomeko yatsopano ya maphunziro. Mapepala anadzaza mafaelo, koma funso linali lakuti anaganiza ndani.

Za kudumpha kalasi tinakambirana ndi aphunzitsi aakulu. Kudumphitsa mwana si mlandu. Lipoti la akatswiri a ku yunivesite ya Iowa la mu 2004 linasonyeza kuti ana a nzeru zofulumira kawirikawiri amapindula akaloledwa kupita patsogolo. Koma mwana si mutu wokha. Wathuyu amawerenga ngati wa zaka zisanu ndi ziwiri, koma dzanja lake likadali la zaka zisanu, amalira akagonja pa masewera, ndipo masana amagona. Tinagwirizana kuti akhale ndi anzake a msinkhu wake, koma pa nthawi ya kuwerenga ndi ya masamu azikakhala ndi a Giredi 1, ndipo kumapeto kwa teremu yachiwiri tidzakhalenso pansi. Ndalama zimene zikanathera m'makombi tikugulira mabuku akale a Chingerezi kwa ogulitsa a m'misewu ya m'tauni, ndipo ndimawerenga naye madzulo atatu pa sabata. Achemwali anavomera monyinyirika, nandiuza kuti Chingerezi chikapanda kuoneka pofika Giredi 3 adzamusamutsa, ndipo ine ndisadzatsegule pakamwa. Ndinavomera. Wobala ndi iwo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano patha masabata angapo chiyambire sukulu. Mwana amapita mosangalala, ndipo amabwera ndi mafunso ambiri kuposa mayankho. Koma kwabweranso china. Wayamba kuyankha agogo ake m'Chishona, ndipo dzana anakana kupereka moni wa Chichewa pachipata cha sukulu, anzake ali pomwepo. Amayi sanamukalipire. Atafika kunyumba anangoti, "Iwe, makutu angawa ndi a ku Dedza, zinazo sakumva," mwana n'kuseka, n'kubwereza zonse m'Chichewa. Lero n'zoseketsa, koma anzanga amene sachiyankha aja anayambanso chomwechi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti pa sukulu zonse zimene ndinayendera, yabwinoyi ndi yomwe, palibe imene imaphunzitsa Chichewa. Papepala zinthu zili bwino. Ndime 6 ya malamulo aakulu a mu 2013 imatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandanda, ngakhale kuti ulemu umenewo chinaupeza chifukwa cha chilembo chake choyamba. Lamulo la maphunziro lokonzedwanso mu 2020 limati sukulu ziyesetse kuphunzitsa ana aang'ono m'chilankhulo chimene anayamwira. Wailesi ya National FM imaulutsa mawu m'Chichewa. Koma m'makalasi amene ndinalowamo mulibe mphunzitsi wake, mulibe buku lake. Anzathu Atonga anamenyera chilankhulo chawo kwa zaka zambiri mpaka chinalembedwa pa mayeso a Giredi 7 mu 2011. Iwo ali ndi Binga, boma lathunthu loti n'kuloza. Ife tamwazikana m'migodi, m'mafamu ndi m'makomboni, paliponse ochepa, ndipo ambiri mwa ife tinazolowera kusadzitchula. Mwana wathu adzalemba Chishona pa mayeso, ndipo zimenezo sindidandaula nazo, pakuti nachonso ndi chake. Koma Chichewa chake chakuya, cholembera kalata ndi chotsutsira mfundo pabwalo, chidzakula pokhapokha ife a pakhomo titachilimira.

Apa mpamene ndikupempha thandizo lanu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Agogo ake ali ndi nthano, ndagi ndi Buku Lopatulika, koma mwana wa zaka zisanu sangakulire pa Levitiko. Pakati pa timabuku ta maphatikizo ndi mabuku a akuluakulu pali chigwa chachikulu, ndipo kuno sindikupeza chowolokera. Ndikufuna mabuku a nthano a ana a Sitandade 2 mpaka 4, ndiponso a masamu ndi a zachilengedwe ngati alipo, kaya alembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, ka ku Zambia kapena ka ku Mozambique. Kusiyana kwa c ndi ch sikumuopsa mwanayu. Adzangondifunsa chifukwa chake. Mabasi ochokera ku Blantyre amadzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda sabata iliyonse, ndipo kaphukusi ka mabuku sikalemera. Mtengo wake ndilipira.

Ndipo inu aphunzitsi ndi makolo amene munalerapo mwana wotere, makamaka kutali ndi dziko la makolo, tiuzeni: munamudumphitsa kalasi kapena ayi? Atafika zaka 12, anali akuchezabe ndi agogo ake m'chilankhulo chawo? Mayankho anu ndikawawerengera achemwali onse, ngakhale otsutsana ndi ine. Teremu yachiwiri itha mu Ogasiti, ndipo tikufuna tikakumane ndi aphunzitsi aakulu titamva za ena.